Ku Lilongwe Chichewa changa n'chothyoka, ku Lusaka n'chozama

Amalume anga atatisiya ku Nabvutika, ntchito yolengeza maliro pa gulu la banja la WhatsApp inagwera ine. Banja lathu lili ngati mabanja ambiri a kuno ku Chipata, mwendo wina uli ku Zambia, wina ku Malawi. Ena ali ku Katete, ena ku Mchinji ndi ku Lilongwe, ena anatchona ku Lusaka. Ndinalemba m'mene anandiphunzitsira kusukulu: "Mwambo wa maliro udzacitika Lacisanu cifukwa tikuyembekeza abale ocokera kutali."

Sipanathe mphindi zisanu, msuweni wanga wa ku Lilongwe, mphunzitsi wa kusekondale, anayankha. Kupepesa anapepesa ndithu, sindingamunamizire. Koma m'munsi mwa chipepesocho anandandalika tinyenyezi: *udzachitika, *Lachisanu, *chifukwa, *ochokera. Kenako anawonjezera kuti, "Asuweni, h sagula, ndi waulere."

Ndisanapeze choyankha, mlongo wathu wa ku Lusaka analowererapo: "Imwe ba teacher, tili na malilo, osati exam. Muzimvela maningi." Msuweni uja sanachedwe: "Chimenechi ndiye chiyankhulo chanji?"

Anthu atatu a magazi amodzi, tonse timati tikulankhula chinthu chimodzi, ndipo aliyense akuona kuti mnzake waphonya. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikutchera khutu kuti anthu a mbali ziwirizi amati chiyani munthu akalakwitsa chilankhulo, nanga amene wamuwongolayo amamutcha ndani. (Pano ndikulemba ndi ch kuti asuweni asavutike mtima.)

Pa Chizungu ndiye sitisiyana kwenikweni. Kuchokera ku Kapata kuno ku Chipata mpaka ku Ndirande ku Blantyre, munthu akapunthwa timati wathyola Chizungu, kapena kuti Chizungu chake n'chothyokathyoka. Achinyamata amangoti buloken. Chondiseketsa n'chakuti kuthyola kuli pafupi kwambiri ndi kuthyakula, pomwe tanthauzo lake n'lotalikirana ngati kum'mawa ndi kumadzulo. Amalawi akati "mwana uja amathyakula Chingerezi", akuyamikira, ngakhale nthawi zina mumakhala kansanje pang'ono. Alinso ndi liwu lina lomwe ndimalikonda, kuphotchola. Liwu limeneli limamveka ngati phazi lolowa m'matope. Munthu akaphotchola sikuti wangolakwitsa, wachita kupotoza chinthucho mpaka mwini wake sangachizindikire. Ndiye pali Chizungu cha m'mphuno, cha uja amayankhula ngati wabadwira ku London pomwe mchombo wake unakwiriridwa ku Chadiza. Akuluakulu amene anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, akamva mwana akusakaniza zilankhulo amati akulankhula chilapalapa. Dzinalo ndi la chilankhulo chenicheni chosakaniza chomwe mabwana ankalamulira nacho antchito, koma m'kamwa mwa agogo linasanduka dzina la chilichonse chosalongosoka.

Zolakwitsa zake nazonso n'zofanana, chifukwa lilime ndi limodzi. Kwa ife l ndi r ndi mapasa, choncho pray ndi play zimatuluka chimodzimodzi, ndipo chaka cha masankho chikafika aliyense amadziwa liwu limene olengeza amaliopa. Mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndiye Chizungu nachonso timachiveka kamchira. Timauza munthu kuti "I'm coming" uku tikutuluka pakhomo, chifukwa m'mutu tikuti ndikubwera. Izi mudzazimva ku Mwami, mbali yathu ya malire, mudzazimvanso ku Mchinji, ndipo mbali zonse ziwiri zimasekana ngati kuti vutolo ndi la anzawo okha.

Kusiyana kumayambira pa chilankhulo chathu chomwe.

Ku Malawi, Chichewa chili ndi mwini wake. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti chilankhulo chomwe chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa, ndipo chikhale cha fuko lonse pambali pa Chingerezi. Mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, ndipo chaka chotsatira linatulutsa malamulo a kalembedwe. Apa ndi pomwe ch anakhazikika, b wa mu bv anagwa, bvuto n'kukhala vuto. N'chifukwa chake mnyamata wobadwira ku Mchinji ndi Mavuto, koma mnzake wobadwira kuno ndi Mabvuto, ndipo dera la amalume anga likadali Nabvutika pamakalata ambiri. Bungwelo linali ndi pulogalamu pa wailesi ya MBC, Tiphunzitsane Chichewa, yomwe inkauza dziko lonse kuti liwu lolondola ndi ili, ilo ayi. Mu 1996 ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies ya yunivesite ku Zomba.

Pamwamba pa zonsezi panali Kamuzu Banda mwiniwake. Ine ndimati wapolisi wa galamala woyamba m'chigawo chino anali iyeyo, ndipo palibe amene wamuposa. Ali wophunzira ku Chicago ndi amene ankapereka mawu ndi ziganizo kwa Mark Hanna Watkins, yemwe mu 1937 anatulutsa buku la galamala ya Chichewa. Atabwerera kwawo mu 1958, patatha zaka zopitirira 40 ali kunja, pamisonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Koma womasulirayo akagwiritsa liwu losamukomera, Ngwazi inkamudula pakamwa pamaso pa gulu n'kumuuza liwu loyenera. Tangoganizani, munthu wosalankhula nacho chilankhulocho pagulu, koma wodziwa pomwe ena akuchiphonya. Ankalimbikira ŵ wa kadenga mu Malaŵi, ankalimbikiranso kuti zinthu zakale zizinenedwa ndi da, adapita osati anapita. Ana a sukulu a nthawi imeneyo ndi amene lero ali mahedimasitala, akonzi a nyuzipepala ndi akulu a mpingo. Msuweni wanga anakulira m'manja mwawo. Tinyenyezi take sanatitole panjira.

Kwathu kuno nkhani inayenda mwina. Dziko la mitundu yopitirira 70 silikanasankha chilankhulo cha mtundu umodzi popanda mkangano, choncho boma la Kenneth Kaunda linagwira Chingerezi, ndipo pofika 1966 mwana ankayamba nacho kuyambira Giredi 1. Chinyanja chinangokhala chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'zigawo, pamodzi ndi Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Chili ndi nthawi yake pa wailesi ya ZNBC, chimaphunzitsidwa kusukulu, ndipo unduna wa maphunziro unatulutsa kalembedwe kovomerezeka mu 1977, komwe kanasunga c wopanda h. Koma panalibe pulezidenti amene ankadzuka m'mawa n'kukwiya chifukwa wolengeza nkhani waphonya liwu la Chinyanja. Kuyambira nthawi ya atsamunda Chinyanja chinali chilankhulo cha apolisi, koma icho chokha chinalibe wapolisi wochilondera.

Ndiye chinapita ku Lusaka n'kukachita zofuna zake. Chinatola manzi ndi manje kwa Ansenga ndi Angoni, chinatola mailo ndi ba kwa Abemba, chinatola maningi kumigodi, Chingerezi n'kuthiramo ngati mchere. Ndikufuna anasanduka nifuna, zinthu zinasanduka vintu, anthu anasanduka bantu. Mmalawi akamva zimenezi amati n'Chichewa chophotchoka. Koma mwana wa ku Matero kapena ku Chawama sakulakwitsa chilichonse. Iye ndicho chilankhulo chake, chili ndi malamulo ake, ndipo inu mukanena kuti vintu izi m'malo mwa vintu ivi adzakusekani.

Ife a ku Chipata ndi amene tili pakati ngati nyama ya m'sangweji. Ulendo wanga woyamba wa ku Lusaka, makilomita opitirira 500 pa msewu wa Great East, ndinakwera minibasi m'tauni ndipo nditayandikira pomwe ndimapita ndinati, "Pepani akondakitala, ndikufuna kutsika pamenepo." Kondakitala anatembenuka, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Iye! Ba kum'mawa, mwabwela lelo? Mwatibweletsela mbeba?" Basi yonse inafa nako kuseka. Mayi wina wachifundo anandinong'oneza kuti kuno timangoti niseluka. Chimene ndinalankhulacho iwo amachitcha deep Nyanja, kapena amangoti Chichewa, ndipo akatero akutanthauza chilankhulo cha kumudzi, cha m'Baibulo, cha munthu amene sanachangamuke. Za mbewazo sindinakwiye nazo. Ndi chimbuya chathu ndi Abemba, ifenso timawabwezera za anyani.

Patapita miyezi yochepa ndinawoloka pa Mwami, pomwe kuyambira 2022 maofesi a mayiko awiriwa ali pamalo amodzi, n'kupita ku Lilongwe. Ndinaima pa kabenchi ka mayi wina. "Amai, nifunako talk time." Anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Achimwene, ndinu a ku Zambia eti? Kuno timati mayunitsi. Komatu Chichewa chanucho ndiye mwachithyola." Nditafunsa komwe kuli salaula anandiuza kuti iwo amadziwa kaunjika. Motoka yanga inasanduka galimoto. Lilime lomwelo, mwezi uno n'lozama, mwezi wamawa n'lothyoka.

Mayina a anthu owongola anzawo ndi amene amaulula bwino chimene dziko lililonse limaopa. Pa intaneti Azungu ali ndi grammar Nazi, koma dzina limenelo silinamere mizu kuno, mwina chifukwa Hitler sitinamuone, pomwe wapolisi wa pamsewu timakumana naye tsiku ndi tsiku. Ndiye timati apolisi a galamala. Mbali zonse ziwiri timawatchanso aticha kapena ba teacher, ngakhale munthuyo sanagwirepo choko. Adziwazonse nalonso limamveka. Amalawi amati munthuyo akudzimva, ena amawonjezera kuti akudzimva shuga, pomwe a ku Lusaka amati azimvela. Mpaka apa tikuyendera limodzi. Koma ku Zambia kuli dzina lina loluma kwambiri, ma some of us. Amenewa ndi aja akumayadi, ana a apamwamba, amene Chizungu chimatuluka m'mphuno ndipo akafuna kulankhula Chinyanja amachita ngati akutafuna mwala. Munthu wa kukomboni akakutcha dzina limeneli sakunena za galamala. Akunena za mpanda wa nyumba yanu, sukulu yomwe munapita ndi chimene mumadya m'mawa. Kuwongola Chizungu cha munthu ku Zambia kuli ngati kumuonetsa chikwama chako cha ndalama.

Ku Malawi nakonso Chingerezi chili ndi mano. Mwana akalephera Chingerezi pa mayeso a MSCE satenga satifiketi, ngakhale masamu atakhoza bwanji, ndipo phungu wa Nyumba ya Malamulo akathyola chinenero cha kwa Mfumukazi, kanema wake amazungulira mafoni onse dzuwa lisanalowe. Koma Mmalawi amakwapulidwa kawiri. Akathyola Chizungu ndi mbuli, akathyola Chichewa ndi wotayika. Pitani pa tsamba la Facebook la wailesi ina iliyonse ya ku Malawi, mudzapeza anthu akukangana ngati liwu lilembedwe molumikiza kapena molekanitsa, ngati ndi maliro kapena malilo. Lamulo lawo limati kawirikawiri r amabwera pambuyo pa i ndi e, ngakhale dzina la likulu lawo lomwe silimvera lamulolo. Pa masamba a ku Zambia munthu amalemba Chinyanja m'mene chamvekera m'khutu mwake, liwu limodzi kalembedwe katatu m'chiganizo chimodzi, ndipo palibe amene amatukula chala. Koma alembe "am" m'malo mwa "I am", apolisi atulukira.

Ndikakumbukira kusukulu yanga ya pulayimale, chithunzi chake n'chomwecho. Kunali kathabwa komangidwa ndi chingwe, kolembedwa kuti mwini wake walankhula vernacular. Ukagwidwa ukulankhula Chinyanja ankakukoleka m'khosi, ndipo njira yokhayo yokachotsera inali kugwira mnzako. Tinasanduka akazitape. Ine ndinkapita kwa mnzanga wapamtima n'kumutsina kuti akuwe kuti "mayo!", kenako n'kumuveka. Wotsala nako belu lomaliza likalira ankasesa kalasi sabata yonse. Koma m'phunziro la Chinyanja lenilenilo, ukalemba zokhotakhota aphunzitsi ankangodutsa ndi cholembera chofiira mosaikirapo mtima, ngati akuti izi sizidzakudyetsa.

Mu 2014 mayiko awiriwa anachita kudutsana pamsewu ngati mabasi. Zambia inayamba kuphunzitsa ana a Giredi 1 mpaka 4 m'zilankhulo za m'zigawo, pomwe chaka chomwecho Malawi inalengeza kuti Chingerezi chiziyambira Sitandade 1. Aliyense anasilira mbale ya mnzake. Ndipo ku Lusaka makolo ena anadandaula kuti Chinyanja cha m'mabuku ana awo sakuchimva, chifukwa bukulo likuti madzi, mwana akudziwa manzi.

Mukandifunsa kuti ndani anachita bwino, ndiyankha mosazungulira kuti pa kulemba Amalawi anatisiya kutali, ndipo apolisi awo a galamala ali ndi gawo pa zimenezi. Mmalawi wamba amatha kulemba kalata, chikalata cha mgwirizano wa munda kapena malipoti a kumpingo m'chilankhulo chake, wina n'kuwerenga osapunthwa. Pa nyuzipepala za m'Chichewa ali ndi masamba a Tamvani, ali ndi Fuko, ali ndi Boma Lathu. Ife tinali ndi nyuzipepala ya boma yotchedwa Tsopano, dzina lomwe mwana wa ku Lusaka lero angafunse kuti litanthauza chani. Ndikudziwa anthu a madigiri kuno amene sangalembe ndime imodzi ya Chinyanja, ndipo sachita nazo manyazi, amachita kunyadira. Zimenezi zimandiwawa.

Koma mtengo wake Amalawi analipira, ndipo sanalipire onse mofanana. Chaka chomwe Chichewa chinakwezedwa, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, ndipo chinadzabwerera mu 1994 ulamuliro utasintha. Mtumbuka wa ku Rumphi, Myao wa ku Mangochi, Msena wa ku Nsanje, onsewa anakula akuuzidwa kuti Chichewa chawo n'chokhota, pomwe kwa iwo chinali chilankhulo chachiwiri chomwe anachita kuvutikira. Kuno Mnsenga wa ku Petauke, Mkunda wa ku Mambwe ndi Mtumbuka wa ku Lundazi amakumana pa msika wa Kapata, aliyense n'kulankhula chake chopendekera ku Chinyanja, malonda n'kutheka. Wailesi ngati Breeze FM ukaitsegula umamva zonsezi zikudutsana, ndipo palibe amene amapepesa. Ufulu umenewo sindingausinthanitse ndi h.

Chimene asuweni a ku Lilongwe amaiwala n'chakuti Chichewa sichithera pa Mchinji. Malire anangotsata mitunda yogawa madzi a ku Luangwa ndi a kunyanja, n'kudula midzi pakati. Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, amakhala ku Mkaika, m'boma la Katete, ndipo mwezi wa Ogasiti uliwonse mafumu a Achewa ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera kudzalamba kuno. Nkhalamba ya ku Vubwi ndi nkhalamba ya kwa Mkanda zikakhala pamphasa imodzi simungadziwe kuti ya Kwacha iti ndi iti. A ku Angónia, ku Mozambique, nawo amabwera ndi Chinyanja chawo chothira Chipwitikizi, ndipo amene angawaseke ayambe wavula nsapato n'kusiya kudya mbatata, chifukwa mawu awiriwo tinabwereka komweko.

Ndipo kumudzi kuli apolisi a mtundu wina, amene c ndi ch sawadziwa n'komwe. Ambuya anga sanapite patali ndi sukulu, koma khutu lawo linali lakuthwa kuposa la mphunzitsi aliyense. Ukati manzi kapena madzi, analibe nazo ntchito, bola madziwo abwere. Chimene sankalola ndi kuphonya ulemu. Tsiku lina mdzukulu wawo wobadwira ku Lusaka anafika pa tchuthi, chikwama kumsana, n'kuima chilili pakhomo: "Ambuya, uli bwanji?" Ambuya anapitiriza kusenda nshawa. Kenako anasuzumira kuseri kwa nkhokwe, n'kusuzumiranso kukhola, ngati akufuna munthu. "Kodi mnzako ukumulonjerayo ali kuti? Ine sindikumuona." Mwanayo anaima kakasi. Amayi ake anamukoka malaya kuti agwade, ndipo anayambiranso: "Muli bwanji, ambuya?" Pomwepo nkhope inamasuka. "Ndili bwino, atate anga, kaya inu? Mwayenda bwanji?" Anamupatsa nshawa zodzaza manja awiri. Mwana uja lero ndi bambo wa ana atatu, Chinyanja chake chikadali cha ku Kabwata, koma sindinamumvepo akunena iwe kwa munthu wamkulu.

Ambuyawo kwa iwo munthu safa, amamwalira kapena kutisiya. Mayi satenga mimba, amakhala ndi pakati. Apongozi suwatchula dzina. Imeneyo ndiyo inali galamala yawo, ndipo pa imeneyi Mchinji ndi Chipata sasiyana ngakhale pang'ono.

Lachisanu lija, kapena Lacisanu, abale anafika. Msuweni wa ku Lilongwe anabwera atavala jekete lakuda, ndipo popeza ndi mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo kwawo, akuluakulu anamupempha kuti awerenge mawu pa nyumba ya siwa. Baibulo lake anali ataliiwala m'galimoto, choncho azakhali analowa m'nyumba n'kutulutsa la malemu, Buku Lopatulika lakale lachikuto chong'ambika, lomangidwa ndi mphira. Limeneli ndi lija linatuluka koyamba mu 1922, lomasuliridwa ndi amishoni a ku Nyasaland komweko, makamaka a mpingo wa Dutch Reformed, womwewo umene unafika ku Magwero kuno mu 1899. Chichewa Board isanabadwe, bukuli linali litalowa kale m'nyumba za mbali zonse ziwiri, ndipo tsamba lililonse ladzaza cifukwa, cace ndi cimene.

Msuweni anatsegula, kukonza magalasi, n'kuwerenga ndime yonse bwinobwino, mawu ali gwa, osapunthwa ngakhale pamodzi. Amayi anayankha amen. Mlongo wa ku Lusaka uja, amene anakhala kumbuyo kwanga chitenje chili kumaso, anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona: "Manje ba teacher sibaikapo ka star?"